Maso a Asilikali a Pamlatho

Nkhani yoipayo inalowa m'nyumba ikuseka. Anabwera nayo ndi a Mapiritsi, mwini sitolo ya mankhwala ya pakona, amenenso anali wapampando wa kagulu ka abambo okonda kupenta tiasilikali ta mtovu. Anakhala pampando wa alendo, natambasula miyendo ngati ali kwawo, n'kuitula nkhaniyo tiyi asanafike n'komwe.

"Loweruka likubwerali, Jenerale, ku holo ya ku laibulale. Mlatho wanu uja tikauika pakati penipeni, kuti aliyense wolowa aziyamba waona umenewo. Koma si zokhazo ayi. Tagwirizana kuti mukakhale patebulo, anthu akuzungulireni, mupente nkhope imodzi iwo akuona. Akaone okha mmene munthu amaikira maso pa kamutu kochepa ngati nsawawa."

A Sisitala anali atangofika pakhomo ndi thireyi. Makapu anagundana okha, supuni n'kugwa pansi. Manja amene anagwira ntchito ya unamwino mpaka kupuma osagwetsapo ngakhale kabotolo ka jakisoni, tsiku limenelo anagonja ndi thireyi ya tiyi.

"Alamu, mwatani?" anafunsa a Mapiritsi.

"Palibe, alamu. Ndapunthwa pa kapeti."

Amuna awo sanaone kanthu. Nkhope yawo inali itawala ngati ya mwana amene wagulidwira nsapato. "Imodzi yokha? Ndikapenta ziwiri," anatero, uku akumenya bondo ndi dzanja lamanja, dzanja lomwelo limene linali gwero la mantha onse a akazi awo. Pakuti ndi a Sisitala okha amene ankadziwa kuti dzanja limenelo silinapentepo nkhope yooneka chiyambire kudwala kwa mwini wake. Nkhope zonse zatsopano za pamlatho, zimene a Mapiritsi ankazitama kuti zikuposa zakale, anazipenta ndi a Sisitalawo, mobisa.

Ujenerale wa abambowa unali wa pakamwa chabe. Moyo wawo wonse anagwira ntchito yojambula mapu mu ofesi yoyeza malo, ndipo tayala la galimoto likaphulika mumsewu, iwo ankakhala oyamba kufunafuna pobisala. Koma mwana wawo wamkazi atakwatiwa, chipinda chake chinalandidwa ndi gulu lankhondo. M'mashelefu munadzaza tiasilikali totalika ngati chala chaching'ono, timabotolo ta penti, ndi mabuku okhuthala ofotokoza mabatani ndi zipewa za nkhondo zimene zinatha agogo athu asanabadwe. Mlendo akangoyerekeza kunena kuti "tizidole", ankatulutsidwa m'chipindamo ngati nkhuku yolowa m'nyumba. Pakati pa chipinda panali thabwa lalikulu ngati theka la chitseko. Pathabwapo panali mlatho wothyoka, mtsinje wa guluu woonekera mpaka pansi, udzu wa utuchi wonyikidwa mu penti, ndi utsi wa thonje limene linkangosowa m'kabokosi ka mankhwala ka a Sisitala. Asilikali ankakoka mzinga kuti auwolotse, nyulu zikukana, ndipo ntchito imeneyi anakhala akuigwira kwa zaka zambiri osafika tsidya.

Chimene a Sisitala ankadana nacho koposa pa ntchito yonseyi chinali kunyambita. A Jenerale akaviika kaburashi m'madzi, ankakadutsitsa pakati pa milomo kuti nsonga yake isongoke, ndipo ankatuluka m'chipindamo mlomo uli wofiira, mawa wobiriwira, mkuja woyera.

"Mudzafa ndi penti, abambo," ankatero a Sisitala. "Ine sindidzalira. Ndidzangouza anthu kuti anadya asilikali."

"Burashi yosanyambita ndi tsache, amayi," ankayankha eni ake, n'kunyambitanso.

Si penti imene inawagwetsa. Inali sitiroko, ndipo inawapeza m'bafa. Mwendo unabwerera, mawu anabwerera, koma dzanja lamanja linabwerera ndi kunjenjemera, diso lakumanja nalo likuona ngati mu nkhungu. Miyezi ya pambuyo pake a Sisitala safuna n'kuikumbuka komwe. Amuna awo ankakhala pampando wa pabalaza atayang'ana khoma kuyambira m'mawa, ndevu osameta, chakudya akungochigwiragwira. Kampira kofinya kamene anapatsidwa kuchipatala kuti azilimbitsira zala kankagona pansi pa mpando, mphaka n'kumaseweretsa. A Sisitala anaonapo odwala ambiri akuyang'ana khoma chotero, ndipo ankadziwa kumene njira imeneyo imathera.

Tsiku lina masana a Jenerale anadzuka okha n'kulowa m'chipinda cha asilikali. Anatenga msilikali wonyamula ketulo, amene anali atadikira nkhope kuyambira asanadwale. Anakhala naye nthawi yaitali. Kenaka anamuvundikira ndi kabokosi kopewera fumbi monga mwa masiku onse, natuluka, n'kunena mawu awiri okha: "Ndathera pano."

M'mawa mwake mkamwini anawatenga kupita nawo kuchipatala kokawongola dzanja. A Sisitala analowa m'chipindamo ndi tsache, ndipo chidwi chinawavundukulitsa kabokosiko. Diso limodzi la wa ketulo linali patsaya, linalo litakwera pachipewa. Anamva chisoni chachikulu, mwina cha kamsilikaliko, mwina cha amene anakapenta. Anangofuna kufufuta choyera cha patsayacho basi. Koma manja amene ankapeza mtsempha pa kadzanja ka khanda lobadwa masiku asanakwane sanaone chovuta pa kamutu ka mtovu. Atafufuta, anaona kuti pakufunika diso. Ataika diso, linzake linaoneka lamanyazi.

A Jenerale atabwerako anakavundukula kabokosiko kuti amtaye wa ketuloyo. Kufuula kwake kunamveka mpaka kukhitchini.

"Amayi! Tabwerani mudzaone! Si ndimanena ine? Nkhope saiweruza ili yonyowa. Penti ikauma imakhala m'malo mwake!"

Madzulo a tsiku limenelo anameta ndevu, napempha chakudya chowonjezera, nalanda kampira kwa mphaka. Ndiye inu mukanatani? A Sisitala anatseka pakamwa. Kuyambira pamenepo ntchito inagawika yokha, mwini wake osadziwa: abambo ankapenta masana n'kuvundikira, amayi ankakonza m'mawa eni ake ali kuchipatala kapena akuwothera dzuwa kuseri. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Kukonza diso kunasanduka kukonza mphuno, kenaka masharubu, kenaka kufufuta nkhope yonse n'kuyambiranso. Ndipo a Sisitala anatulukira chinthu chochititsa manyazi: amuna awo ankanena zoona, burashi yosanyambita ndi tsache. Anayamba kunyambita nawonso. Koma iwo anali munthu wa ukhondo. Akamaliza ankapukuta mlomo ndi kansalu konyowa, n'kudziyang'ana pa kagalasi ka m'khonde asanaonekere kwa munthu.

Tsopano a Mapiritsi anali atamwa tiyi wawo, atapita, n'kuwasiyira Loweruka m'nyumba ngati njoka yolowa pansi pa bedi.

A Sisitala anayamba ndi njira ya unamwino. Anatulutsa makina oyezera kuthamanga kwa magazi, nakulunga mkono wa amuna awo, nakwinya nkhope mmene ankachitira ndi odwala osamva.

"Sizikundisangalatsa izi, abambo. Chigulu cha anthu, kutentha kwa mu holo, inu mutawerama nthawi yaitali. Bwanji mlatho upite wokha?"

"Tandionetsani manambalawo." Anayang'ana ndi diso labwino lija, naseka. "Awa ndi magazi a mnyamata, amayi. Mwina tiyeze anuwo, chifukwa ndinu amene mwatuwa."

M'mawa mwake anapita ku sitolo ya mankhwala. A Mapiritsi anali kuseri kwa kauntala, akuwerengera mayi wina mankhwala a chifuwa, ndipo pagalasi la chitseko anali atamata kale chipepala cholengeza za chionetserocho.

"Alamu, achotseni pa zopenta pagulu zija. Dzanja lija limawavuta akatopa."

"Dzanja limene likutulutsa nkhope ngati zimene zija? Alamu, ine ndakhala ndikupenta nawo limodzi zaka zonsezi. Asanadwale ankapenta bwino, koma asilikali awo onse ankaoneka ngati ana a bambo mmodzi. A tsopanowa aliyense ali ndi nkhawa yakeyake. Munthu wachira chifukwa cha zimenezi, inu mukufuna mumubwezere kukhoma kuja?"

Mawu anafika pammero. A Sisitala anayang'ana mzere wa anthu umene unali kumbuyo kwawo, nayang'ananso pakamwa pa a Mapiritsi, pamene aliyense ankadziwa kuti palibe chitseko. Anagula sopo amene sankamufuna, n'kubwerera.

Inatsala njira imodzi, yowongoka. Anadikira mpaka Lachinayi chakumadzulo, dzuwa litapendeka, amuna awo ali pakhonde akufinya kampira. Anakhala pafupi, nakonza mawu onse m'mutu, natsegula pakamwa.

"Abambo, pali nkhani."

"Inenso ndili nayo," anawadula a Jenerale mosangalala. "Mtsikana wa kuchipatala uja, wowongola dzanjayu, akuti kunjenjemera sikunasinthe. Akuti makina ake akutero. Ndamuuza kuti abwere Loweruka adzaone yekha ngati makina amadziwa kupenta." Anafinya kampira, ndipo mawu awo anatsika. "Mukudziwa, amayi, tsiku lija ndinali nditasiya zonse. Ndikanapanda kuona nkhope ya wa ketulo ija, pampando paja sindikanadzukaponso. Mukanandinyamula kuchokera pomwepo. Inu mumati chiyani?"

"Ndimati malaya oyera aja ndiwasite, kapena abuluu?"

"Oyera."

Anapita kukasita malaya oyera, misozi ikugwera pa kolala, simbi n'kumaiumitsa.

Lachisanu lonse a Jenerale anatsekeka m'chipinda ndi msilikali womaliza, woliza lipenga, amene malo ake anali pamwamba pa mlatho, pomwe diso la munthu limayamba kugwera. Sanapite kuchipatala, sanawothere dzuwa, ndipo chakudya anadyera momwemo. A Sisitala anazungulira khomo la chipindacho ngati mphaka wonunkhiza nsomba, koma mpata sunapezeke. Woliza lipenga anagona pansi pa kabokosi ndi nkhope imene anapatsidwa ndi mwini wake.

Loweruka m'mawa, madzi atangoyamba kumveka m'bafa, a Sisitala anali kale m'chipindamo. Anavundukula. Zinali monga ankaopera: diso limodzi lalikulu ngati la kadzidzi, linalo mzere chabe wotsetsereka kukhutu. Mtima unawauza kuti amusiye choncho, lero zonse zithere pomwepo. Koma anaganiza za amuna awo akuvundukula kabokosi a Mapiritsi ali pambali, anaganiza za khoma lija, ndipo kaburashi kanali kale m'manja. Anafufuta. Anaviika mu penti yoyera, nanyambita, naika timadontho tiwiri. Anadikira kuti tiume, akuuzira ndi pakamwa, khutu lili kubafa. Anaviika mu yakuda. Diso loyamba linakhala. Ali pakati pa lachiwiri, hutala ya galimoto ya a Mapiritsi inalira pageti, ndipo nthawi yomweyo madzi anasiya kumveka. Anagwira mpweya, naika kadontho komaliza, natsuka kaburashi, navundikira, n'kutuluka ngati wakuba, chitseko cha bafa chikutseguka. Anathamangira kukatsegula geti. Kansalu konyowa kanatsala m'thumba la epuloni, ndipo kagalasi ka m'khonde anakadutsa osakayang'ana.

"Mwamuona?" anatero a Jenerale akumata woliza lipenga pamlatho, a Mapiritsi akusuzumira paphewa pawo. "Dzulo ndinagona ndikudandaula naye. Penti imeneyi ili ndi nzeru kuposa anthu ena."

Thabwalo analinyamula anthu atatu, pang'onopang'ono ngati wodwala wa pamachira. A Sisitala anakhala kumbuyo kwa galimoto atalifungatira, ndipo pa bampu iliyonse ankapemphera mapemphero awiri otsutsana: kuti mlatho usathyoke, ndi kuti tayala liphulike.

Tayala silinaphulike. Mu holo munali matebulo mbali zonse, ena a sitima zapamadzi, ena a ndege zopachikidwa pa ulusi, ndipo makolo ankayenda atagwira ana awo manja kuti asakhudze kanthu. Mlatho unaikidwa pakati monga analonjezera. Anthu ankawerama, n'kumaloza nkhope. Mayi wina anati wa ketulo akufanana ndi malume ake. A Sisitala anamva kunyada kukukwera m'chifuwa, ndipo manyazi anakukankhira pansi nthawi yomweyo. Pakona anaona mtsikana wa kuchipatala uja atapinda manja, akumwetulira mwaulemu.

A Mapiritsi anaomba m'manja. Anthu anasonkhana mozungulira katebulo kamene panali nyale, kapu yamadzi, timabotolo ta penti, ndi asilikali awiri opanda nkhope, aliyense atamatidwa pa chotsekera botolo kuti agwirike bwino. A Jenerale anakhala pansi, navala magalasi awo okulitsa zinthu, aja omangirira kumutu ngati a wosula zitsulo. Polankhula, palibe amene akanawaposa. Anafotokoza chifukwa chake jasi la gulu limeneli linali lotuwa, ndi chifukwa chake nsapato za msilikali woyenda pansi siziyenera kuwala. Anthu anaseka pamene ankayenera kuseka.

"Tsopano maso," anatero. "Kuona maso a nkhono n'kudekha. Timayamba ndi choyera."

Anaviika kaburashi, nanyambita, nakabweretsa pafupi ndi kamutuko. A Sisitala anali ataima kumbuyo kwa mayi wonena za malume uja, zala zitaluma chikwama. Anaona nsonga ya kaburashi ikuvina m'malere, ikuyandikira, ikubwerera, ikuyandikiranso. Inakhudza. Mzere woyera unachoka pamphuno mpaka kukhutu.

Mwana wina anaseka, mayi ake n'kumutsina. A Jenerale anapukuta ndi kansalu, nati burashi yatenga penti yambiri. Anayesanso. Ulendo uno choyera chinagwera m'mphepete mwa chipewa. Thukuta linayamba kutsika m'khosi, kolala yoyera ija ikunyowa. Ulendo wachitatu anagwira dzanja lamanja ndi lamanzere, ndipo manja onse awiri ananjenjemera limodzi. Kadontho kanagwera pomwe panayenera, koma kanali kakakulu, kotenga theka la tsaya. Anaika chakuda pakati pake. Msilikaliyo anayang'ana anthu ndi diso la nsomba yakufa.

"Musadandaule," anatero a Jenerale, akuyesa kuseka. "Nkhope saiweruza ili yonyowa. Mukaiona mawa mudzadabwa. Penti ikauma imakhala m'malo mwake."

Pafupi ndi tebulo panali bambo wina wa m'kagulu komweko, wopenta sitima zapamadzi, munthu wosalankhulalankhula, wopanda njiru ndi aliyense. Anangonena zimene wopenta aliyense amadziwa.

"Penti imeneyi imauma pompo, Jenerale. Yauma kale iyo. Ndipo ikauma siyenda."

A Jenerale anakhudza kankhopeko ndi chala. Kanali kouma. Anakayang'ana nthawi yaitali, kenaka anatembenukira kumlatho, kumene woliza lipenga anaima ndi maso ake awiri ofanana, akuthwa, oyang'ana kutsidya. A Sisitala anaona mapewa a amuna awo akutsika monga anatsikira tsiku la wa ketulo.

"Madzi akumwa," anatero a Jenerale ndi mawu osasa. "Amayi ali kuti?"

Anthu anapatuka. A Sisitala anatulutsa botolo m'chikwama, nathira m'kapu ya botololo, nawerama kuti awapatse m'manja, poopa kuti angataye. Amuna awo anakweza mutu magalasi okulitsa aja ali kumaso. Magalasi amenewo amaonetsa batani la msilikali wa mtovu ngati mbale. Anaima pa mlomo wapansi wa a Sisitala, ndipo sanachokepo.

Dzanja lonjenjemera lija linakwera pang'onopang'ono. Chala chachikulu chinapukuta mlomowo mofatsa, anthu onse akuona, n'kubwerera pansi pa magalasi. Pachalapo panali kachidutswa ka penti yoyera, kouma.

"Amayi," anatero a Jenerale motsitsa, moti anamva ndi awiri okhawo. "Mwadya asilikali."

A Sisitala anaika kapu ija patebulo. Ankadikira chilichonse: kukalipa, kugwa, kapena kutuluka mu holo osatembenuka. Amuna awo anavula magalasi, nagwira m'mphepete mwa tebulo, naimirira. Anatenga msilikali wa diso la nsomba uja n'kumuika m'thumba la malaya.

"Abale," anatero mokweza, mwaulemu wonse wa munthu wa mu ofesi, "mwaona mmene ine ndimapentera. Tsopano muone amene anapenta nkhope zimene mumazitama pamlathopo. Amayi, khalani apa."

"Abambo, chonde."

"Anthu abwera kudzaona maso. Khalani."

Anakhala. Mpando unali wotentha. Magalasi sanawafune. Anatenga msilikali wachiwiri, naviika, ndipo anali atanyambita kale asanakumbuke kuti anthu akuona. Dzanja lawo silinadziwe kuti mtima ukusweka, linangogwira ntchito yake: choyera, choyera, chakuda, chakuda, kamzere ka chikope pamwamba. Msilikaliyo anadutsa m'manja mwa anthu, ndipo holo yonse inaomba m'manja. A Mapiritsi anaomba pakamwa pali yasa. Mtsikana wa kuchipatala sanaombe, ankayang'ana wodwala wake. A Jenerale nawo sanaombe. Anaima pambali, dzanja lamanja litabisika m'thumba la thalauza.

Anabwerera kunyumba pagalimoto yomwe ija. A Mapiritsi anathandiza kubwezera thabwa m'chipinda, ndipo kwa nthawi yoyamba m'mbiri ya nyumbayo anakana tiyi. Geti litatsekeka, a Jenerale anakhala patsogolo pa mlatho, navalanso magalasi. A Sisitala anaima pakhomo.

"Kuyambira uti?"

"Wa ketulo."

A Jenerale anagwedeza mutu, ngati munthu amene wamva zimene amayembekezera kwa dokotala. Anayamba kuyenda ndi chala pamwamba pa mitu, mmodzimmodzi.

"Uyu wokoka nyuluyu?"

"Ine."

"Uyu womanga bala?"

"Ine, abambo."

"Nanga wandevuyu? Uyu ndikumukumbuka bwino. Tsiku limenelo dzanja linali lofatsa. Ndinakuuzani pa chakudya kuti lero lamvera."

A Sisitala anakumbuka. Wandevuyo analidi wabwinoko kuposa anzake, maso onse awiri anali pankhope, kungoti limodzi linatsika pang'ono. Akanatha kumusiya. Koma pofika nthawi imeneyo anali atayamba kuikonda ntchitoyo, ndipo diso lotsikalo linkawayabwa.

"Ine," anatero.

Chala chinaima. A Jenerale anavula magalasi, nawayang'ana akazi awo ndi maso awoawo, labwino ndi la nkhungu lomwe.

"Simunandisiyireko ngakhale mmodzi?"

Mawu amenewo anawapweteka kuposa kukalipa kulikonse. "Ndinkaopa khoma lija, abambo. Ndinkaopa kuti mubwererako."

"Ndamva. Tatsekani chitseko."

Anatseka, iwo ali kunja. Chakudya chamadzulo chinabwerera kukhitchini mmene chinapitira.

M'mawa a Sisitala anadzuka n'kupeza mbali ya amuna awo ya bedi ili yozizira. Anavala mwachangu, mtima uli m'mwamba, nayenda m'khonde akudziwa kale chimene akapeze pabalaza: msana wa mpando, mutu wa imvi, ndi khoma. Anafika pakhomo maso ali pansi, ndipo anachita kudzikakamiza kuti awakweze. Pampando panali mphaka yekha.

Nyale ya m'chipinda cha asilikali inali yoyaka, chitseko chili chotsegula pang'ono. A Jenerale anali patebulo ndevu osameta, kampira kali pambali pa kapu yamadzi. Kutsogolo kwa mlatho, patsogolo pa woliza lipenga ndi wa ketulo ndi onse okongola aja, panali pataima msilikali wa diso la nsomba, guluu wa kumapazi kwake asanaume.

"Uyu ndi wanga," anatero osatembenuka. "Musamukhudze."

"Sindimukhudza."

"Ndi amene akubwera pambuyo pake, chimodzimodzi. Akhale oipa, akhale otani." Anatenga kabokosi kopewera fumbi kaja n'kukatambasulira kumbuyo, maso ali pantchito. "Aka kasungirenimo anyezi. Mukafuna anu, shelefu yapansiyo ili ndi gulu lonse lopanda nkhope, ndipo burashi mukagule yanu. Yangayi mwainyambita mokwanira."

A Sisitala analandira kabokosiko. Anafuna kunena kuti pepani, koma amuna awo anali atawerama kale pa msilikali wina. Kaburashi kanalowa m'kapu, kakugunda m'mphepete mwake ngwe ngwe ngwe chifukwa cha kunjenjemera, kanadutsa pamilomo, kanayandikira kamutu. Kuchokera pakhomo pomwepo a Sisitala ankaona bwino lomwe kuti choyeracho chigwera patsaya. Zala zawo zinayamba kusuntha zokha. Anafungatira kabokosi ndi manja onse awiri, molimba, naimabe pomwepo mpaka chinagwera.